Mumaopa Chiyani, Aneba?

Sewero la pawailesi

OSEWERA:
APHIRI, bambo wachikulire, kale ankayendetsa nyumba ya vidiyo pamsika
ANABANDA, mayi wogulitsa mandasi, woyandikana nawo nyumba
TIYAMIKE, mwana wa aNabanda, wophunzira zopanga mafilimu

MALO: Ndirande, mumzinda wa Blantyre

GAWO LOYAMBA

(TAMBALA AKULIRA KUTALI. MAFUTA AKUTHETHEKA M'CHIWAYA. MUNTHU AKUMENYA MPANDA WA MALATA.)

PHIRI: ANabanda! ANabanda! Tatulukani kuno!

NABANDA: Ndani akugumula mpanda wanga m'mamawa muno? Aa, ndinu aPhiri. Mwadzuka bwanji?

PHIRI: Sindinadzuke.

NABANDA: Ndiye amene ndikulankhula nayeyu ndi mzukwa? Imani pompo, nditenge cholembera.

PHIRI: Musandiseke, mayi. Mdzukulu wanga ndamutuma mandasi atatu, mwamukulungira m'pepala ili. Mukulidziwa?

NABANDA: Ndikuona mafuta okhaokha.

PHIRI: Pansi pa mafutawo pali mawu. Tamvani. "Funso lachisanu ndi chiwiri: m'dera lanu lino mumaopa chiyani kwambiri usiku?" Yankho lake: "Kutsokomola kwa aPhiri a pafupi ndi mpopi." Ine ndasanduka chilombo m'Ndirande muno?

NABANDA: Iii, limenelo lasochera. Ndi la Tiyamike. Lasakanikirana ndi nyuzi zokulungira mandasi.

PHIRI: Mwana wanu wa kukoleji uja? Ndiye fizi yonse ija mumalipira kuti akaphunzire chifuwa changa?

NABANDA: Akuphunzira zopanga mafilimu. Chaka chino n'chomaliza, ndiye aliyense wauzidwa kuti ajambule filimu yake yaifupi, ya mphindi khumi. Iye wasankha yoopsa, yoti ukaonera usiku kuchimbudzi uzipita ndi woperekeza. Koma aphunzitsi ake anamuuza kuti asanagwire kamera ayambe wafufuza zimene anthu oonera amafuna. Paja safunsa anadya phula.

PHIRI: Wofufuzayo ndinu?

NABANDA: Mwana ali ku Zomba, mayeso ali pakhosi. Anandisiyira mapepala 60 kuti ndigawe. Ndine wothandizira kafukufuku.

PHIRI: Wothandizira kafukufuku wokulungira mandasi m'mayankho a anthu! Pamwamba pa pepalali palembedwa kuti, "Mayankho anu asungidwa mwachinsinsi." Chinsinsi chake ndi chimenechi, chogulitsa atatuatatu pamsewu?

NABANDA: Dzina la woyankha palibepo.

PHIRI: Langa lilipo! Ndipo dzanjali ndikulidziwa. Munthu wolemba "P" wonga chipande alipo mmodzi m'dera lino, ndipo ndi amene amandilemba m'kope la ngongole ya mandasi mwezi ndi mwezi.

NABANDA: Chabwino, ndinalemba ndine. Koma ndinkalembera agogo a kuseri kuja, maso awo saona bwino.

PHIRI: Munawafunsa?

NABANDA: Ndikudziwa zimene akanayankha.

PHIRI: Mwalembera anthu angati amene mukudziwa zimene akanayankha?

NABANDA: Khumi okha.

PHIRI: Okha! Nanga otsalawo?

NABANDA: Mapepala 30 ndinagawa kukwaya Lachinayi titamaliza kuphunzira nyimbo. Enawo 20 ndinapita nawo pabawo, pansi pa mtengo wa mango paja. Aliyense woyankha ndinkamupatsa ndasi limodzi.

PHIRI: Ndiye Ndirande yense, kuyambira ku Makata mpaka ku Malabada, wamulankhulira ndi amayi a kwaya, madoda a pabawo, ndi inuyo kakhumi.

NABANDA: Koma zotsatira zake zatuluka zoyera bwino. Dikirani. (MAPEPALA AKUSOKOSA) Funso loyamba: "Kodi mumakonda kuonera mafilimu oopsa?" Amayi onse 30 ati ayi, n'zachikunja. Funso lachiwiri: "Kodi mumaopa chiyani?" Madoda onse 20 ati saopa kanthu. Wina mpaka walemba kuti, "Ine mantha ndi amene amandiopa."

PHIRI: Tsono mwana wanu akauze aphunzitsi kuti ku Ndirande akazi saonera, amuna saopa. Filimuyo adzaonetsa mbuzi?

NABANDA: Ndi zimene anthu anena.

PHIRI: Anena pamaso pa yani? Amayiwo polemba, mkulu wa kwaya anali pati?

NABANDA: Ndi amene ankatolera mapepala.

PHIRI: Akuwerenga?

NABANDA: Mokweza, kuti pasakhale zolakwika.

PHIRI: Basitu! Mayi, ine nyumba ya vidiyo pamsika paja ndaiyendetsa kuyambira nthawi ya matepi ndi deki mpaka madisiki. Anthu a muno ndimawadziwa mumdima, osati papepala. Tsiku loonetsa filimu ya ku Nigeria ya anthu okhwima, benchi yakumbuyo inkadzaza ndi anthu ofunda zitenje kumutu, olowera khomo lakuseri. Filimu ikafika pamanda, ndinkamva "Mayo ine!" wa mawu atatu, woyimbidwa bwino. Sopulano yake ndimaimvabe mpaka lero kuseri kwa mpanda uno.

NABANDA: Ndinkabwera kudzafuna mwana.

PHIRI: Kwa maola awiri, mutalipira pakhomo, chimanga chootcha chili kumanja?

NABANDA: Mwanayo ankabisala.

PHIRI: Nanga madoda osaopawo? Filimu ikatha ankaima pakhomo n'kumafunsana chapansipansi kuti, "Akulowera ku Goliyo ndani?" Munthu wandevu zake kudikira mwana wa sitandade 6 kuti awolokere limodzi mtsinje wa Nasolo. Mantha munthu savomera pakamwa, aNabanda. Amavomera ndi mapewa, ndi miyendo, ndi mmene wagwirira benchi.

NABANDA: Ndiye mapepala onsewa n'chabe?

PHIRI: Tandipatsani limodzi lopanda mafuta. (AKUWERENGA) "Funso lachinayi: kodi simukuvomereza kuti filimu yabwino ndi yokhala ndi magazi ambiri komanso uthenga wa chipulumutso?" Funso limeneli lalembedwa ndi bolopeni. Ena onse ndi a kompyuta.

NABANDA: Panali mpata, ndinangomuthandiza mwana.

PHIRI: Poyamba, funso limene layamba ndi "kodi simukuvomereza" lamugwira kale munthu pamkono n'kumulowetsa kumene inu mukufuna. Chachiwiri, muli mafunso awiri m'funso limodzi. Munthu wofuna magazi koma wosafuna ulaliki ayankha bwanji?

NABANDA: Alape.

PHIRI: Ndikulankhula za kafukufuku!

NABANDA: Inenso. Komabe magaziwo akufunika. Ine ndakonza kale. Chilombo chikhale cha mitu isanu ndi iwiri, maso a tochi, ndipo tomato wowola ndikagula dengu lonse pamsika. Anthu aone kuti mwana wa Nabanda sanapite kusukulu kukasewera.

PHIRI: Kamera ali nayo?

NABANDA: Ali ndi foni, ndi nyali yobwereka.

PHIRI: Chilombo cha mitu isanu ndi iwiri pa foni ndi nyali yobwereka. Anthu adzaseka mpaka kugwa pabenchi, ndipo filimu yoopsa ikasekedwa pamalo osayenera, yafa. Tomatoyo muphikire ndiwo. Alfred Hitchcock, mwini wake wa zoopsa, popanga filimu ya Psycho mu 1960, magazi amene ankatsikira m'bafa anali chokoleti chamadzi, chifukwa filimuyo inali yopanda mitundu. Anthu sankakuwira magazi. Ankakuwira kulira kwa nyimbo ndi chithunzithunzi chimene chinkayandikira kuseri kwa nsalu.

NABANDA: Chokoleti n'chodula kuposa tomato.

PHIRI: Mukumva zanu zokha. Ya shaki ija, Jaws, munaionera kwa ine.

NABANDA: Ndinkafuna mwana.

PHIRI: Steven Spielberg anaitulutsa mu 1975. Anapangitsa shaki ya makina, koma itangolowa m'madzi a mchere inkafa tsiku ndi tsiku. Mnyamatayo anasowa chochita, n'kumajambula madzi okha, miyendo ya osambira, migolo yoyandama, ndi kanyimbo kaja ka manotsi awiri. Gawo lalikulu la filimu limadutsa shaki isanaoneke bwinobwino. Kwa ine kuno, ku Blantyre kopanda nyanja, anthu ankakweza mapazi pabenchi kuopa kulumidwa pansi pa simenti.

NABANDA: Zimenezo Tiyamike anazinenapo. Ili m'kope mwake ina, ya mfiti ya... dikirani... ya Blair. The Blair Witch Project, 1999. Akuti anaipanga anyamata awiri amene anaphunzira za mafilimu pa yunivesite ina ku Florida. Pojambula anawononga madola pafupifupi 60,000, koma inabweretsa pafupifupi madola 250 miliyoni.

PHIRI: Mfitiyo imaoneka?

NABANDA: Walemba kuti siioneka ngakhale kamodzi. Timitengo tomangamanga topachika m'nkhalango, milu ya miyala, ndi anthu akupuma mwabefu.

PHIRI: Ndiye inu mumati bwanji?

NABANDA: Ndimati anthuwo anaberedwa. Kulipira kuti ukaone mfiti, n'kukaona nkhuni.

PHIRI: Sanaberedwe. Aliyense anapita ndi mfiti yakeyake m'mutu, ndipo imeneyo ndi yaulere. Kwathu ku Dowa mu 2003 kunabuka chilombo. Anthu atatu anafa, ena anavulala, masauzande anathawa m'midzi kukagona kuboma. Akuluakulu a zanyama ankati ndi fisi wachiwewe. Koma mukanamva mmene tinkachifotokozera ife amene sitinachione! Aliyense ankachiwonjezera mwendo.

NABANDA: Poti mwatchula kwanu, mwandikumbutsa. Mutibwerekereko chigoba cha gule chimodzi. Chimenecho chokha ana athawa.

(CHETE PANG'ONO)

PHIRI: Mwati chiyani?

NABANDA: Chigoba. Tidzabweza chili bwinobwino.

PHIRI: Mayi, mukanakhala mwamuna mnzanga, mlandu uwu ukanathera kwa mfumu ndi mbuzi pachingwe. Gule wamkulu si choopsezera ana pakanema. Amatuluka pamaliro, pachinamwali, polonga ufumu. Ngakhale a UNESCO anamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Zakudambwe sizibwerekedwa kuseri kwa mpanda. Wofuna kujambula gule amayamba wagwada kwa mfumu ndi kwa eni mwambo, ndipo akanena kuti apa ayi, kamera imalowa m'chikwama.

NABANDA: Pepanitu, achimwene. Sindimadziwa kuti chifuwa chija chili ndi mphamvu chonchi.

PHIRI: Ngati mukufuna chodzaza nyumba, ine ndikupatsani. Nollywood yonseyi inakula ndi Living in Bondage, ya mu 1992, ya m'chiyankhulo cha Igbo, yogulitsidwa pa matepi. Mwamuna apereka mkazi wake kuti alemere, kenako mzimu wa mkaziyo osamupatsa tulo. Ufiti umagulitsa, mayi. Tiyamike atenge nkhalamba imodzi ya maso ofiira, yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, usiku iziuluka pa lichero. Awonjezerepo anamapopa awiri. Agogo a kuseri kuja akwanira bwino, ngakhale kuwapaka kanthu sikufunika.

(MAFUTA ASIYA KUTHETHEKA. CHIWAYA CHATERA PANSI.)

NABANDA: Apo pokha, aPhiri, ndatsitsa chiwaya.

PHIRI: Nanga si zimene anthu amafuna? Si kafukufuku ameneyo?

NABANDA: Inu mwakana gule wanu, ine ndikukana agogo anga. Kwathu ndi ku Mulanje. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira kumeneko, n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu, mpaka kufika mu Blantyre muno. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata atatseka misewu ndi miyala. Anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. A United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena. Panalibe filimu pamenepo, anali mawu chabe oyenda pakamwa. Tsono mwana wanga aike nkhope ya agogo aja pafoni ya mnyamata aliyense m'Ndirande muno, akuuluka pa lichero. Mwana wa munthu akadwala malungo sabata yotsatira, miyala idzagwa pa denga la yani?

PHIRI: Anthu amadziwa kuti ndi sewero.

NABANDA: Inu nomwe mwanena kuti ankakweza mapazi kuopa shaki pa simenti.

PHIRI: Hmm.

NABANDA: Maso a agogo aja anafiira ndi utsi wa nkhuni, pophikira adzukulu amasiye. Ndipo lamulo la dziko lino, la mu 1911, likadalipo: kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Tiyamike anandionetsa filimu ya ku Zambia, I Am Not a Witch, ya 2017, ya mayi wotchedwa Rungano Nyoni. Kamtsikana kanenezedwa ufiti, n'kukamangirira kansalu kakatali kumsana kuti kasathawe. Muli Chinyanja chomveka bwino. Mmenemo choopsa si kamwanako ayi, ndi anthu okazungulira.

PHIRI: Wakutsina khutu ndi mnansi. Lichero ndalibweza.

NABANDA: Mulibweze ndi la ine lija munabwereka pa Khirisimasi.

PHIRI: Tisasakanize milandu. Tsono tatsala ndi chiyani? Chilombo ayi, gule ayi, agogo ayi, mapepala onama. Vuto ndi funso lenilenilo. Munthu sumufunsa kuti "umaopa chiyani", amavala jekete. Umamufunsa kuti, "Tandiuza za tsiku lomaliza limene mtima unagunda usiku." Pamenepo amakupatsa nkhani.

NABANDA: Aa, nkhani zokhazo zinalipo zambiri. Mkulu wa kwaya atangonyamuka, amayi anakhala mpaka dzuwa kulowa.

PHIRI: Ankati chiyani?

NABANDA: Wina anati usiku wina, cha m'ma 2 koloko, anamva "odi" pakhomo, mawu ake enieni a mchemwali wake amene tinaika chaka chatha. Wina anati anamva kugogoda katatu, potsegula panalibe munthu, galu ali gone. Wina anati iye akamva "odi" usiku amayamba kulira asanatsegule, chifukwa uthenga wa nthawi imeneyo umakhala wa maliro. Wina anati amaopa akuba amene amaitana dzina lako kuti utsegule wekha. Wina anati amaopa amayi a banki mkhonde, obwera mbandakucha kudzanyamula mapoto.

PHIRI: Nanga pabawo?

NABANDA: Ndikuchoka ndinamva yemwe uja amaopedwa ndi mantha akuuza anzake kuti agogo ake anamulangiza kuti ukaitanidwa dzina usiku kamodzi kokha usayankhe. Akuti mpaka lero mkazi wake amayenera kumuitana katatu.

PHIRI: Zimenezi munalemba?

NABANDA: Papepala panalibe malo ake.

PHIRI: Mayi! Anthu asanu ndi mmodzi, nkhani zosiyana, koma zonse zaima pakhomo limodzi. Wina akuopa wakufa, wina wakuba, wina uthenga, wina ngongole, koma onse akuopa mawu a kunja kwa chitseko usiku. Kafukufuku yense ndi ameneyo, ndipo inu munamusiya pabenchi la tchalitchi n'kunyamula mapepala a "ayi".

NABANDA: Ndiye filimu ya chitseko?

PHIRI: Nyumba imodzi, chitseko chimodzi, koloboyi mmodzi. Mtsikana ali yekha, magetsi azima. Kunja kukumveka "odi", mawu a mayi ake. Koma mayi akewo ali m'chipinda, akugona, iye akuwaona.

NABANDA: Iii, siyani! Tsitsi layima.

PHIRI: Mwaona? Tomato sitinagule. Ku America munthu wina, Oren Peli, anajambula Paranormal Activity m'nyumba mwake momwe ndi madola 15,000. Chitseko chikungosuntha pang'ono usiku, anthu awiri ali m'tulo. Inatuluka mu 2007 ndipo inazungulira dziko lonse.

NABANDA: Koma ikhale ya Chingerezi, aphunzitsi aone kuti mwana anaphunzira.

PHIRI: Mzukwa wolankhula Chingerezi ndi wa eni ake, sungandipeze kuno. Wonena "odi" ndi umene ukudziwa njira ya kwathu. Chiwetel Ejiofor anabwera ku Kasungu kudzajambula nkhani ya William Kamkwamba, filimu ya 2019 ija, ndipo anachita kuphunzira Chichewa. Ndiye mwana wobadwira pa Ndirande achithawe?

NABANDA: Chabwino. Tsono mapepalawa ndikulungire mandasi onse?

PHIRI: Muwaotche, muli mayina a anthu. Kafukufuku ayambirenso, ndipo ayendetse mwini wake. Ajambule tizidutswa tiwiri ta mphindi imodzi imodzi. Kena chitseko chitseguke, kena chisatseguke. Aonetse magulu osiyana: anzake a kukoleji, anyamata oitanira minibasi, amayi a pamsika, madoda a pabawo. Gulu lililonse palokha.

NABANDA: Ndi ana a sukulu.

PHIRI: Ana ayi. Mukufuna makolo adzatipeze ndi mabulangete onyowa? Akuluakulu okha, ndipo awauziretu kuti zimene muonezi n'zoopsa, wosafuna atuluke. Filimu ikamayenda, Tiyamike asayang'ane kanema. Akhale pambali, ayang'ane anthu. Alembe mphindi imene adzidzimuka, imene aseka, imene wina watulutsa foni chifukwa chotopa. Ikatha awafunse mmodzimmodzi, kopanda mkulu wa kwaya, kopanda dzina.

NABANDA: Mandasi?

PHIRI: Pomaliza, atayankha kale. Munthu wa ndasi m'kamwa amayamikira chilichonse.

NABANDA: Awafunsenso kuti amaonera pa chiyani. Masiku ano nyumba ya vidiyo ngati yanu ija inatha mphamvu, anthu akutumizirana pa WhatsApp. Ngati chithunzi chili chakuda kwambiri, pa kafoni kosweka galasi adzangoona nkhope zawo zomwe.

PHIRI: Apo mwanena zanzeru. Ndilembe tsiku.

NABANDA: Ndipo akafuna kuionetsa pagulu, apite kaye ku Censorship Board akaione n'kunena msinkhu wa oonera. Lamulo lake ndi la mu 1968. Sindikufuna mwana wanga atenge digiri ndi samani tsiku limodzi.

PHIRI: Mutu umodzi susenza denga. Tsono poti nzeru ya chitseko ndi yanga, dzina langa lilembedwe koyambirira kwa filimu.

NABANDA: Yanu? Nkhanizo anamva ndani?

PHIRI: Anazitaya ndani?

NABANDA: Inuyo simunayankhe n'komwe. Mumaopa chiyani, aneba?

PHIRI: Ine? Munthu woonera mafilimu oopsa ndekha usiku pobweza tepi? Lembani kuti palibe.

NABANDA: Ndalemba. Munthu wa nambala 21.

(NYIMBO)

GAWO LACHIWIRI

(USIKU. NKHULULU ZIKULIRA. WAILESI IKUYIMBA CHAPANSIPANSI, KENAKO IZIMA MWADZIDZIDZI.)

PHIRI: Aa, magetsi apitanso. Machesi ndinaika pati?

(KUGOGODA KATATU, PANG'ONOPANG'ONO.)

MAWU: (CHAPANSI, MOKOKA) Odiii...

PHIRI: (CHONONG'ONA) Kamodzi. Sindiyankha.

MAWU: Odiii... aPhiriii...

PHIRI: APhiri kulibe! Anapita ku Dowa! Ine ndine mlendo!

(CHIDEBE CHAGWA. MPANDO WAGUBUDUKA.)

PHIRI: Ngati ndinu malume, ng'ombe ija sindinagulitse ndekha, tinagwirizana tonse! Ngati ndinu a banki mkhonde, mkazi wanga ndi amene anasaina!

NABANDA: (AKUSEKA) Mphindi imodzi sinakwane. Chidebe chimodzi, mpando umodzi, ng'ombe imodzi.

(CHITSEKO CHITSEGUKA MWAMPHAMVU.)

PHIRI: ANabanda! Ndinadziwa kuti ndinu. Ndimangokuthandizani kuti muone mmene munthu wamantha amachitira.

NABANDA: Mwachita bwino zedi. Nsapato mwavala kumanja.

PHIRI: Kafukufuku ameneyu ndi wosavomerezeka! Tinagwirizana kuti munthu aziuzidwa kaye. Mukanandipha ndi mtima, mukanalemba pa funso liti?

NABANDA: Pa "zina ndi zina".

PHIRI: Mawa ndikupita kwa mfumu. Ndipo za ng'ombezo mukazitulutsa...

(KUGOGODA KATATU PA GETI LA MALATA.)

MAWU ENA: (KUTALI PANG'ONO) Odiii...

(CHETE.)

PHIRI: (CHONONG'ONA) Mayi, mwabwera ndi mnzanu?

NABANDA: (CHONONG'ONA) Ndabwera ndekha.

PHIRI: Geti limenelo ndi lanu. Kayankheni.

NABANDA: Mwamuna ndinu.

PHIRI: Ndine mlendo, ndanena kale.

MAWU ENA: Odiii... amayiii...

NABANDA: Mawu a Tiyamike! Koma Tiyamike ali ku Zomba!

(GETI LIKULIRA POTSEGUKA. ONSE AWIRI AKUWA. KUKUWA KUMODZI N'KWAKUNG'ONO, KOKWERA KWAMBIRI, NDIPO KUKUTENGA NTHAWI. AGALU AKUUWA.)

TIYAMIKE: Amayi! Ndine! Minibasi inafera pa Namadzi, foni yanu siikupezeka. Mwaswera bwanji, aPhiri? Bwanji mwakwera pa mtondo?

PHIRI: Ndikuona ngati magetsi ayaka ku Chinseu.

TIYAMIKE: Pepani, ndinayatsa chojambulira mawu ndili panjira, ndimafuna nkhululu ndi agalu a usiku. Ndiye chatola zonse. Amayi, kukuwa kwanu kokwera kuja n'kumene ndakhala ndikusowa. Mtsikana wa mufilimu yanga satha kukuwa.

NABANDA: Kwanga kunali kwachiwiri, kokhuthala kuja. Ine ndimayimba alto masiku ano.

TIYAMIKE: Ndiye kokwerako...

PHIRI: Ndi chifuwa. Chimatero nyengo yozizira.

TIYAMIKE: APhiri, popanda chilolezo chanu sindingakugwiritse ntchito. Mukakana ndifufuta pompano. Mukalola, musaina papepala.

PHIRI: Ameneyu ndiye wofufuza, osati enawa. Ndilola, mwanawe, koma pa mfundo ziwiri. Ngongole yanga ya mandasi ithe. Ndipo dzina langa lisaoneke paliponse.

NABANDA: Mmawa mumafuna likhale koyambirira kwa filimu.

PHIRI: Ndasintha maganizo.

NABANDA: Ngongole ithe, ndavomera. Koma wogwira ntchito ayenera kutamandidwa. Tiyamike, lemba ndi zilembo zikuluzikulu, zooneka ngakhale pa kafoni kosweka: "Kukuwa kwa mtsikana: aPhiri a pafupi ndi mpopi."

PHIRI: Ndilipira! Ngongole yonse ndilipira mawa m'mawa!

NABANDA: Ndi lichero langa.

PHIRI: Ndi lichero lomwe! Wina andigwire dzanja nditsike pamtondo pano!

(AGALU AKUUWABE. NYIMBO YOTSEKERA.)